Masekondi Asanu

Padoko la Gdynia dzuwa la Januwale limadzuka mochedwa,
ine ayi. Ikamakwana faifi koloko ndakwera kale
masitepe zana ndi anayi
kukalowa m'kachipinda kagalasi pamwamba pa kireni,
pomwe mbalame zam'nyanja zimauluka kunsi kwa mapazi anga.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndikutsitsa makontena m'sitima.
Matani makumi atatu akalendewera pachingwe
amasanduka mwana wa pakatungwe:
ukaima iwe, iye saima.
Apita, abwera, lendee, lendee,
anthu pansi maso m'mwamba, manja m'matumba,
kudikira kuti chitsulo chiphwe mtima.

Anandiphunzitsa ndi malemu Bronisław,
munthu wonunkha fodya ndi girizi, waumbombo ndi mawu.
Anangosanjika dzanja lake pa langa:
kankha, leka, dikira,
kankhanso.
Nditafunsa kuti ndidikire mpaka liti
anati, Udzamva m'mimba, Jadwiga.

Chaka chatha kunabwera kamtsikana ka kuyunivesite,
Dobrochna, chipewa chachitetezo chikumugwera m'maso,
laputopu kukhwapa.
Anayeza chingwe: mamita makumi awiri ndi asanu.
Anawerenga kuzendewera kwake: kupita ndi kubwera, masekondi khumi.
Ndiye anati, Mayi, lamulo la dzanja lanu
tizilidula pawiri lisanafike kumota.
Theka lizipita pompo,
theka lina lizitsalira masekondi asanu
kuti likakumane ndi katundu ali m'njira yobwerera.
Funde lidzameza funde linzake.

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Amati katungwe n'kukankhana,
uyu wabwera ndi kukankha kozimitsa katungwe,
ndipo wachipatsa dzina lalitali la m'mabuku
chinthu chomwe Bronisław ankasunga m'mimba.

Tsiku loyesa ndinachitira dala.
Ndinakoka chogwirira mwankhanza ngati wophunzira
n'kuchitaya mwadzidzidzi.
Kontena yofiira inayenda, inayenda,
inafika pamwamba pa lole
n'kuima. Zii.
Ngakhale chipale chofewa padenga pake sichinayoyoke.
Pansi anaomba m'manja ali ndi magolovesi, phuphuphu,
ine ndinayang'ana dzanja langa
ngati galu wokalamba amene mbuye wake wagula loko.

Masabata atatu sindinamupatse moni.
Masekondi ajawa ankandiyabwa:
ine ndanena kale, makina akadatafuna mawu anga.
Chingwe chikafupika kavinidwe kamasintha,
choncho anabweranso, nagawa lamulo patatu
kuti ngakhale masamu aphonye pang'ono
katundu asatekeseke.
Zinathekanso. Ndinakwiya kuposa poyamba.

Kenaka Lachinayi lina la Febuluwale
mphepo ya ku Baltic inalowa cham'mbali osaodira.
Kontena inayamba kuvina yokha ndisanakhudze kanthu.
Dobrochna pawailesi, mawu ali njenjenje:
Mayi, izi bokosi langa silimva,
limangowongola zochokera m'dzanja lanu,
za mphepo silidziwa.

Ndinalizimitsa bokosilo.
Ndinathamangitsa kangolo komwe katundu ankathawira
n'kumuimira pamutu,
kawiri, katatu, mimba ikuwerenga yokha,
mpaka anagona palole ngati wogwidwa ndi tulo.
Thukuta linandizizirira kumsana.

Madzulo m'kantini tinamwa tiyi wa mandimu.
Anafunsa kuti nthawi yake ndinaidziwa bwanji,
cholembera chili kale m'manja.
Ndinati sindidziwa.
Analemba zomwezo.
Ndinamuuza amange lamba wa chipewa chija.

Usiku Radosław wanga anaimba foni kuchokera ku Bergen,
nkhani yomwe ija, yakuti tigulitse nyumba ya bambo ake.
Ndinanena theka la zomwe zinali kukhosi.
Theka linalo ndinaligwira, ndikuwerenga chamumtima,
chimodzi, ziwiri, zitatu,
iye anadula foni ndisanafike pa zisanu.

Ndinakhala pampando m'khitchini, malaya antchito osavula,
nyumba yonse ikugwederabe.
Mwana ameneyu
chingwe chake sindinachiyezepo.