Malita Awiri

Adokotala a ku Kapiri sanandibaye jakisoni.
Anangoyang'ana kabotolo ka mkodzo wanga,
wofiira ngati tiyi wopanda mkaka,
nati, "Bambo Lufeyo, mumamwa chiyani?"
Ndinati thobwa, masana. Madzulo, zina ndi zina.
Anaseka. "Malita awiri a madzi patsiku.
Mukamapalasa njinga padzuwa, onjezerani."

Ine, wonyamula matumba a mtedza
kuchoka pa Kamwendo mpaka pa boma,
kukhosi kuli gwa ngati msewu wa mu Okutobala,
ndinkati ludzu ndi la ana.

Tsopano chigubu chakale cha mafuta ophikira
chimakhala pakaliyala, chomangidwa ndi mphira.
Mkazi wanga anachikanda mizere ndi msomali:
wa m'mawa, wa pamjigo wa pasukulu,
wa pamene mthunzi wabisala pansi pa matayala.

Anzanga pasiteji amandinena,
"Akabaza asanduka ng'ombe ya kudambo!"
Inde, ndimaimaima kuseri kwa tchire,
okwera n'kumang'ung'udza.

Koma msana uja waleka kundiluma usiku.
Dzulo Yotamu, wondiseka kwambiri uja,
anayang'ana kumbali
nati, "Tandigawireko pang'ono."