Mwendo Wachinayi

Galasi tidadulitsa ku Dauni Shopu.
ANkhuwa adafunsa kawiri konse:
nsomba yanji yofuna nyumba yotalika mita?
Ndidati si nsomba.
Adandiyang'ana, napitiriza kumata m'makona.
Thanki lidakwera njinga mpaka ku Mchini,
ine pambuyo wapansi, kukuwa pa dzenje lililonse.

Masabata asanu munali madzi okhaokha.
Tisiyenji, mwana wanga, mwini nkhani yonseyi,
adati madzi ayambe akhwima,
muli tizilombo tosaoneka
toyenera kumanga mudzi mlendo asanafike.
Ndidagoneka madzi apampopi m'ndowa
mpaka fungo la mankhwala lidatha.
Mchenga ndidasefa ndi sefa ya ufa,
poti kamwala konga nyemba akameza, basi, maliro.
Mphika wamaluwa wosweka tidaugoneka chammbali,
ndicho chipinda chake.
Anansi ankasuzumira pazenera
kudzaona banja loweta madzi.

Adabwera pa basi ya ku Lusaka
m'chigubu chokutidwa thaulo lonyowa,
ng'anjo ya ku Luangwa adaidutsa wamoyo.
Akisolotolo.
Lilime langa lidapunthwa katatu.
Khungu ngati mkati mwa gwafa wosapsetsa,
nthenga zitatu uku, zitatu uku,
kukamwa ngati wamva nthabwala
koma sakufuna kutigawira.
Miyendo itatu.
Wachinayi akuti adaluma mnzake kwa wogulitsa.
Ndidati atibera.
Tisiyenji adati, amayi, dikirani.

Kenaka Okutobala adakhala pamalata.
Ine ndimagulitsa mafiliziti pa Kapata,
firiji ndiye munda wanga,
koma mlendoyu kwawo n'kozizira.
Madzi akangofunda
nthenga zija zimapindika, chakudya amakana.
Theka la munda ndidalipereka kwa mabotolo a ayezi.
Magetsi akathawa mbandakucha
ndimawerenga zinthu ziwiri zikusungunuka,
ndalama zanga ndi moyo wake,
ndipo sindikuuzani chimene ndimayamba kuthamangira.

Amadya nyongolotsi.
Chilimwe chino, nthaka ili gwa ngati simenti,
nyongolotsi uzipeza kuti?
ALazalasi, amuna anga, ndi amene adati tsiku loyamba:
kunenepetsa buluzi nkhuku zikugona ndi njala!
Ndi omwewo amalawirira kumadimba a Lunkhwakwa
ndi kachitini ka mkaka,
kukumba pansi pa nthochi ndi dzanja lamanzere.
Lamanja lidatsala ndi zala ziwiri.
Zinazo lamba wa chigayo adatenga ku Katete
Tisiyenji asanabadwe,
ndipo m'nyumba muno nkhaniyo sitiitchula.

Sabata yachitatu, pa chitsa paja
padatuluka kanthu ngati nsonga ya mpunga.
Yachisanu, kachikhatho.
Yachisanu ndi chiwiri
ndidawapeza usiku atagwada pasimenti,
tochi ya foni ataiphimba ndi malaya
poti kuwala mlendo amadana nako,
akuwerenga chapansipansi:
chimodzi, ziwiri, zitatu,
ichi chachinayi chikubwera.
Dzanja lija limakhala m'thumba ngakhale kutchalitchi
linali pagalasi, poyera.

Sindidatsokomole. Ndidabwerera kukagona.

M'mawa adafunsa mwana, maso ali pa tiyi:
kodi pomera zimamuwawa?
Tisiyenji adafufuza pafoni mpaka mayunitsi kutha.
Adapeza za madzi, za mchenga, za nyanja ya ku Mekisiko,
adapeza zoti kanthuka sikakula, kamafa kali mwana.
Za kuwawa sadapeze.

Iwo adangogwedeza mutu.
Firiji idatsokomola, nkukhala chete.
Adaimirira ndisanawatume,
natsegula, nadumpha mafiliziti anga ofiira,
natola botolo la ayezi
ndi zala ziwiri zija,
nalitsitsa m'madzi pang'onopang'ono
kuti mwini nyumba asadzidzimuke.