Estoy

Begonya, namwino wa ku Sipeni,
anafika ku Bangula madzi atabwerera kale,
matope akung'aluka ngati zidendene.
Ine ndinali womasulira wake:
Chisena uku, Chingerezi chake chotsimphina uko,
ine pakati, bwato loolotsa mawu.

Masana tenti ikasanduka ng'anjo
ankadzikupiza ndi kaundula wa odwala
n'kumadandaula, estoy chakuti, estoy chakuti.
Usiku pafoni kwa mayi ake: estoy bien.
Malungo atamugwetsa, milomo itasweka: estoy mal.
Tikamusowa kuseri kwa makatoni a mankhwala
liwu lokha linkatulukira: estoy!

Ndinafunsa tsiku lina tikutsuka mabeseni.
Anati kwathu kukhala kuli pawiri.
Soy ndi wa zimene sungavule,
dzina, kwanu, amene anakubala.
Estoy ndi wa lero, wa pamene waponda,
wa njala, kutopa, thupi kutentha.
Ndinaseka mpaka sopo anandipulumuka.
Mwakwera ndege zitatu, mayi,
kudzandiuza za ndine ndi ndili?

Koma mawa lake pamzere wa ufa
kalaliki anafunsa Ndaziona, ndinu ndani,
cholembera chitayamba kale kulemba
wothawa madzi.
Ndaziona anagwira pepalalo ndi chala chimodzi.
Iyayi mwananga, fufuta.
Ndine wa ku Makhanga,
ndine mlimi wa mapira ndi mbatata za kudimba,
ndine woumba mitsuko yosadontha.
Kuno ndili chabe.
Kalaliki anati pepala lilibe malo a zimenezo,
ndipo mzere unasuntha.

Begonya anapita mwezi wa June,
anandisiyira tochi ndi nsapato zosandikwana.
Matenti ena anapasulidwa, ena ayi.
La Ndaziona lachita zigamba zinayi,
wadzala therere kukhomo kwake,
dzulo ndinamupeza akuponda dothi la mtsuko,
akuti la kuno ndi lamchenga, silimvera.
Mdzukulu wake wobadwira pano wayamba kuyenda.

Ndiye ndimafunsa ndekha ndikamapalasa njinga
kudutsa milambe ya ku Phokera:
ndili amatha mvula zingati
asanaume n'kukhala ndine?

Sabata yatha foni inalira, uthenga wa Begonya,
liwu limodzi lokha ndi chizindikiro cha funso.
Estás?
Ndinaima pamthunzi wa sitolo, thukuta m'maso.
Mitambo inali itayambanso kuunjikana cha ku Thyolo.
Ndinalemba estoy.
Za Ndaziona sindinadziwe ndilembe liti.