Pemphero la Msungichuma

Ambuye, ndine uja wa ku Zolozolo,
amene anandisankha pokweza manja chaka chatha
mvula ikudonthera pa mabenchi,
nati, NyaKayira dzanja lake silimata,
asunge ndiye.

Tsiku lija ndinamwetulira.

Lero ndalama za malata zili m'chitini cha mkaka
pansi pa bedi langa,
mitolo isanu ndi umodzi yomanga ndi mphira.
Zina zikununkha usipa, zina makala.
Ilipo ina yong'ambika pakati, yomata ndi selotepi,
ndikuidziwa bwino,
anaponya ndi bambo Mwenifumbo osaona aja
atayamba aisisita ndi chala
kuti amve ngati ndi yomweyo.

Nkhungu yatsika ku Kaning'ina,
yalowera pansi pa chitseko ngati ya pakhomo pano.
Temwanani wagona chopinda mawondo.
Yunifolomu yake ili pa msomali tsiku lachinayi,
yosita, yosavalidwa.
Anamubweza pageti anzake akuona,
ndipo mayeso sadikira mwana wa mayi wamasiye.

Ine ndinkayesa woyesa uja amabwera ndi nyanga,
ndi fungo la moto, kuti munthu uthawe.
Ayi ndithu.
Wabwera ndi mawu anga omwe,
waulemu, wogwada polankhula,
masamu amawadziwa kuposa ine.
Akuti sukuba, ukungobwereka.
Akuti nthochi zikayenda bwino pa Zigwagwa
pakutha pa mwezi ubweza, adziwa ndani?
Akuti denga ladontha zaka zisanu ndi ziwiri,
milungu itatu ingaphe munthu?
Mpaka dzina lanu akulitchula,
ati Inuyo ndi amene mwaika chitinichi pafupi chonchi.

Pamenepo ndiye ndachita mantha.

Ndawerenga kale kawiri usiku uno
popanda wondituma.
Kachiwiriko mtolo umodzi unachedwa m'manja mwanga,
unayamba kufunda.

Ndiye sindikupempha zazikulu, Atate.
Nyanja musagawe, ndilibe kowolokera.
Ingogwirani dzanja ili, lamanjali,
monga ndinkagwirira la Temwanani
podutsa msewu pa Katoto malole akuthamanga.
Ankalimbana nane, ankalira,
koma sindinkamutaya.
Nanenso ndilimbana nanu, ndikuuziranitu.
Musanditaye.

Tsekani pakamwa pa mlendo uyu.
Mukapanda kutero, nditsekeni makutu ine,
ndimve mvula yokha padenga
ndi agalu a kwa Msowoya.
Pemphero lija tinaloweza tili ana
ndakhala ndikulithamangitsa ngati wothawa mvula,
osadziwa kuti mzere umodzi m'katimo
unkadikira usiku uno, chipinda chino.

Sindine wolimba monga amanenera kutchalitchi.
Dzanja losamata lija
linali lisanakumane ndi njala ya mwana.
Inu mukudziwa, musawauze,
kapena auzeni, kaya,
mwina n'kupepukidwa.

Tambala woyamba uyo.
Chitini chidakali chotseka.
Sindikunena kuti ndapambana,
kwangocha basi.

Ndikulunga m'chitenje, ndimange m'chiuno,
ndikatenge NyaMzembe akhale mboni,
tikwere kabaza mpaka kubanki m'tauni.
Koma njira yake, Ambuye, mukuidziwa:
imadutsa pageti pomwe paja.
Tikamafika pamenepo
wa kabaza asamve kutopa,
tcheni chisaduke,
ine ndisatsegule pakamwa kunena kuti taimani kaye.
Mundiyang'anitse kutsogolo,
kumene nsanja ya wotchi imatulukira mu nkhungu.

Ndikapereka, n'kulandira kapepala kodinda,
ndidzabwera manja ali zii,
opepuka, ozizira, anga.

Tsono za Temwanani sindinaiwale.
Yunifolomu ija ikadali pa msomali,
Inunso mukuiona.
Nkhani imeneyo tikambirana ndikabwerako,
ndipo ndidzalankhula mokweza,
pakuti ndidzakhala ndilibe chobisa pansi pa bedi.