Kope la M'galimoto ya Delbert

Yakale inandifera pamtunda wa ku Roundup,
ng'ombe zisanu ndi imodzi zili m'ngolo kumbuyo,
mabuleki akununkha ngati ubweya wopserera.
Ndinatsika, n'kutsamiza miyala kumatayala,
n'kudikira mlamu wanga Orval m'chipale chofewa
mpaka zala zinaiwala kuti ndi zanga.

Sabata yotsatira ndinapita ku Billings,
kumene mapikapu atsopano amaima ndandanda,
timbendera tikukupiza pamwamba pawo.
Mnyamata wa tayi anandionetsa mpando wotenthetsa msana
ndi wailesi yoyankha ukaifunsa.
Ndinati, mwanawe, imakoka zolemera bwanji?
Anatsegula kabuku, natchula nambala yonenepa.
Nanga pamsana pake, pomwe khosi la ngolo limatsamira,
pamasenza zingati?
Anapita kukafunsa abwana ake.
Chikomekome cha mkuyu.
Ndinamwa khofi wawo waulere n'kubwerera.

Orval ndiye anamva za Delbert Kjos
wa kuseri kwa Lewistown, amene maso ayamba kumukana,
ana ake amulanda makiyi.
Ya dizilo, matayala anayi kumbuyo,
yoyera kalekale, pano ya mtundu wa msewu.

Ndinamuimbira: musailize ndisanafike.
Ndinafika mbandakucha, mpweya ukuluma m'mphuno,
ndinagwira boneti. Zii!
Injini yofunda imadziwa kunama.
Yogona panja usiku wa Januwale
ilibe mphamvu zopekera nkhani.
Kiyi. Kanyali kanayaka, kanazima.
Inatsokomola kawiri, inalavula kautsi koyera,
kenako gudugudu wake anakhazikika
ngati munthu amene wapeza pomwe anasiyira ntchito dzulo.

Orval analowa pansi chagada, tochi kukamwa,
akugogoda zitsulo ndi sipanala,
kusaka dzimbiri limene limabisala kuseri kwa matope.
Ananunkhiza oyilo wa giya pachala.
Anatuluka osanena kanthu.
Kwa Orval, kumeneko ndiye kuyamikira.

Mamailosi zikwi mazana awiri ndi kanthu. Ndinadzuma.
Delbert anapapasa kabokosi ka kutsogolo,
natulutsa kope lakuda ndi mafuta m'makona:
oyilo, sefa, lamba, batire, tsiku lake ndi mtengo wake,
zaka khumi ndi zinayi za pensulo.
Tsamba lina linati:
pampu ya madzi, Ogasiti, ndinachedwa, kulakwa kwanga.
Chakumapeto malembo anali atakula,
akupendekeka, akugwa m'mizere.

Tinamanga ngolo yanga, tinapakira udzu wouma
wolemera ngati ng'ombe zija.
Pokwera phiri galimoto iliyonse imadzitama.
Ine ndinkafuna potsetsereka,
pamene katundu amakumbukira kuti ali ndi maganizo ake
n'kuyamba kukukankha kumsana.
Delbert anakhala pambali panga, chipewa pamaondo.
Zikwangwani sankaziona,
koma msewu ankauwerenga ndi m'chiuno.
Tsitsa giya apa, anatero. Usaponde ayi.
Ileke injini igwire yokha.
Inabangula. Inagwira.
Singano ya kutentha inangoima pomwe inali.
M'munsi ndinatsika kukayandikiza dzanja kumabuleki:
ofunda chabe, ngati chipumi cha mwana wogona.

Sitinanenerere kwambiri.
Iye yekha anachotsa madola mazana atatu
chifukwa cha mng'alu wa pagalasi umene ine sindinauone.
Anatenga magolovesi ake,
ndi lamba wa m'khosi wa galu amene anafa kale.
Kope analisiya.
Pensulo ili momwemo, anatero.
Oyilo wotsatira ndi wa mu Epulo.

Pagalasi ndinamuona ataima pageti,
mutu utapendekera kumbali,
osayang'ana kumene ndikulowera,
akungomvetsera
ngati ndisinthe giya pa nthawi yake.