Tebulo la kwa Che Wadi

Tebulo la pulu la kwa Che Wadi n'lopendekera.
Aliyense kwa M'baluku amadziwa:
mwendo wakumadzulo unadyedwa ndi chiswe,
anauchirikiza ndi zitsekerero ziwiri za botolo
ndi kachidutswa ka patapata.
Ukaika mpira pakati n'kuusiya,
umanyamuka wokha pang'onopang'ono
ngati Shire wa mu Okutobala, wosathamangira munthu.

Ine ndinaphunzirira pamenepo.
Njinga ya kabaza ndimaitsamiritsa kukhoma
anthu akungochokera ku swala ya m'bandakucha,
Twaibu akusesa makoko a mtedza wadzulo.
M'mawa sitigula tokeni.
Timatseka maenje ndi masokosi akutha
kuti mipira isamezedwe,
ndiye ndimamenya umodzi womwewo
kakhumi, makumi atatu, osawerenganso,
mpaka pakati pa zala patatuluka thuza.

Ndodo yanga inakhota ndi dzuwa.
Kunsonga kwake ndinamatako
kachikopa ka lamba wa malemu bambo.
Choko chikatha timakanda laimu wa pakhoma.
Nsalu ili ndi chipsera cha ndudu
cha msodzi wina wa ku Makanjira
amene analuza ndalama ya ukonde n'kuiwala moto.
Zonsezi ndimazidziwa ngati maenje a msewu wa ku Chimwala.
Wakuda ukatsala pa ngodya yakumadzulo
usaloze padzenje, loza chala chimodzi kumanja:
zotsalazo tebulo limaliza lokha.

Kenako chikalata chinamatidwa pa depoti:
mpikisano ku boma, Loweruka,
anthu makumi atatu ndi awiri,
wopambana atenga mbuzi ndi envelopu.
Ndinagulitsa tambala kuti ndilembetse.

Tebulo lawo linabwera pa lole kuchokera ku Limbe.
Mmisiri anagwada, anaika kathabwa ka thovu,
anapotokola miyendo mpaka thovulo litakhala pakati
phee, ngati mwana womvera.
Nsalu yake ndinaopa kuigwira ndi manja a girisi.

Ndinagwetsa mphunzitsi wa ku Namwera.
Ndinagwetsa kondakitala wolongolola,
anzanga a kabaza akuliza mabelu panja.
Wachitatu anali Lukia wa ku Malindi,
wogulitsa mayunitsi, ndodo yake m'kachikwama,
wosaseka, wosayang'ana munthu,
amangopaka choko ngati akuwerenga chenji.

Tinatsala awiri ndi wakuda.
Unaima pafupi ndi ngodya, njira yoyera,
mwana wa sitandade wani akanaulowetsa.
Mutu unati: loza padzenje.
Dzanja linati: chala chimodzi kumanja.
Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero,
koma dzanja lilibe khutu.

Mpira unapita pomwe ndinautuma.
Ndendende pomwe ndinautuma.
Unagunda khushoni, gu, n'kubwerera,
n'kukaima pamaso pa Lukia ngati mphatso.
Mabelu anatonthola.
Ndinadikirabe kuti tebulo lindithandize;
linangondiyang'ana ndi maso ake asanu ndi limodzi.

Mbuzi inawoloka mlatho pa njinga ya mnzanga.
Lukia analipira ulendowo, ndinamva,
ndipo sananenerere.

Lolemba ndinalawirira ndi botolo lamadzi,
ndinaligoneka pa nsalu, ndinagwada.
Ndinachotsa patapata ija,
ndinalowetsa kathabwa, khadi la mayunitsi, lina, linanso,
mpaka thovu litakhala pakati.
Twaibu anagwira tsache m'chiuno:
Iwe, Che Wadi akakumva!

Sabata ino kwa M'baluku palibe akulowetsa.
Akatswiri onse akuphonya chala chimodzi kumanja,
akutukwana ndodo, akutukwana choko,
wina akuti tebulo alilodza a ku Mpondasi.
Che Wadi akungowerenga matokeni, akumwetulira,
poti masewero akutalika ndipo ludzu likukula.

Ine sindinaulule.
Ndimafika m'bandakucha, masokosi m'thumba,
ndimaika wakuda pakati n'kuusiya.
Suyenda.
Timayang'anana kaye, ine ndi iwo,
dzanja langa likuphunzira kuyambira pa a.