Mapazi Khumi ndi Anayi

Chikhakha anachidula Lachiwiri, ku chipatala cha ku Ulongwe.
Dona Selestina anagogoda kakolo wanga ngati akusankha chivwende,
nati, “Fupa lagwirana, bambo Zefaniya. Kazipitani, muziponda.”
Pakamwa panavomera.
Phazi silinamve nawo.

Pano ndi sabata lachisanu.
Ndili pakhonde, mwendo ndausanjika pa chigubu cha mafuta,
wowonda, wotuwa, khungu likufunduka,
ngati ndabwereka wa mwana.
Kuchoka pano kukafika kuchimbudzi ndi mapazi khumi ndi anayi.
Ndinawerenga ndi maso.
Ndikudziwa pamene muzu wa pichesi unatulukira,
pamene madzi a padenga anakumba kangalande,
ndi kamwala kaja kamene kamandiyang'ana.

Ine yemwe ndinkatsika mitunda ya ku Domwe
ndi matumba atatu a kachewere panjinga,
buleki yake chili chidendene chomwechi!

Tsiku lija ululu unachedwa kubwera.
Chinayamba ndi phokoso:
thyo! ngati phesi louma.
Phokosolo silinatulukemo. Linayala mphasa m'kakolomo,
ndikangoti ndisunthe, limatsokomola.

Marisela watopa nane.
“Ndodozi mwazikwatira?” akutero, akutaya madzi a m'beseni.
Anzanga a pamsika anasiya kufunsa.
Njinga yatsamira nkhokwe, matayala aphwa,
nkhuku yayamba kuikira pansi pake.
Mametikali a chaka chatha atsala ochepa m'kachitini,
ndipo ndikudziwa, ndikudziwa,
safuna kundiuza munthu.
Koma amene amati “ingopondani”
amaponda osaganiza.
Ine ndimayamba ndakambirana ndi chala chilichonse.

Usiku ndimalota ndikuthamangira minibasi ya ku Tete,
ndi kuipeza.
Ndikadzuka ndimagwira mwendo ngati dzira.

Lero m'mawa onse apita kudimba.
Chisanu cha mu Juni chayeretsa udzu,
palibe wondilimbikitsa, palibe wondiseka.
Ndatsitsa phazi pachigubu.
Ndaimirira ndi mwendo wabwino, dzanja pamzati,
thukuta lili kamukamu m'kuzizira konseku.
Chidendene chakhudza dothi.
Kenako zala.
Kenako, pang'ono pang'ono, thupi langa lonse.

Ndadikira phokoso lija.

Ndamva chigayo cha kwa a Fulutuwozo chikulira patali,
ndi kuzizira kwa nthaka kukukwera m'phazi,
kuzizira basi, kwa masiku onse.

Ndakhalanso pansi msanga, mtima uli phaphapha.
Sindimuuza Marisela.
Atsala khumi ndi atatu,
ndipo muzu wa pichesi uli pa lachisanu ndi chimodzi.